Woweruza ndi Mboni Yomwe Sinalankhule

Bambo Jafali Mkwepu, woweruza milandu pa khoti lina la m'boma lathu, anafika kwa Shehe Likwanya tsiku Loweruka titangomaliza swala, pemphero lathu la masana. Ine ndinalipo, ndinapita kukafunsa za ntchito yanga ya ku madrasa, sukulu yathu ya Chisilamu. Shehe anali pakhonde akusoka mkeka wa mumzikiti womwe unang'ambika m'mphepete. Mlendoyo anavula nsapato, napereka salamu mwaulemu, koma nkhope yake inali ya munthu wopsa mtima.

Anatulutsa nyuzipepala m'chikwama. Muli loya wina amene mlungu uliwonse amalembamo maganizo ake pa zigamulo zatsopano: za malo, za mabanja, za ntchito, za umbava. Mlungu umenewo analemba za zigamulo zinayi, ndipo chachitatu chinali cha a Mkwepu. Iwo analamula kuti mlimi wina akakhale kundende zaka ziwiri pa mlandu woba ng'ombe. Khoti lalikulu linamumasula litapeza kuti mboni ya mlimiyo sinapatsidwe mpata wolankhula. Apo n'kuti mlimiyo atakhala kale m'ndende miyezi khumi ndi inayi.

"Shehe," anatero a Mkwepu, "ndakhala pampando zaka makumi awiri ndi zitatu popanda wondiloza chala. Lero loya wa dzulodzuloli akundiphunzitsa malamulo pamaso pa dziko lonse. Ndikadutsa pamsika anthu akunong'onezana. Ndalemba yankho langa, masamba asanu ndi awiri. Ndikupempha muliwerenge, ndipo mundipangire dua, mundipemphere kwa Mulungu kuti dzina langa liyere."

Shehe anaika singano pambali, nawerenga masamba onsewo pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mizere. Ndivomere, ine ndinkalakalaka atawadzudzula a Mkwepu kolimba, chifukwa kudzikuza kwawo kunandinyansa. Shehe sanatero.

"Mwalemba mwaluso, bwana," anatero. "Malamulo a boma ine sindiwadziwa, pamenepo mphunzitsi ndinu. Ndingofunsa chimodzi. Mboni ija inalankhula?"

"Nthawi inali itatha, Shehe. Tsiku limenelo ndinali ndi milandu makumi atatu."

"Ndamva. Inalankhula?"

"Sinalankhule."

Shehe anagwedeza mutu mwachisoni. "Ine ndatsogolera swala zaka makumi anayi. Mwezi wathawu ndinaimirira pomwe ndimayenera kukhala pansi, ndipo bambo wina wogulitsa makala amene anali kumbuyo kwanga anati Subhanallah, pondikumbutsa. Sindinacheuke kuti ndimufunse sukulu yomwe anaphunzira. Ndinakonza cholakwacho, pamapeto ndinagunditsa mphumi pansi kawiri monga tinaphunzitsidwira, ndipo swala ya tonse inaongoka. Wokukumbutsani si mdani wanu, bwana."

A Mkwepu anazyolika. Kenako anati, mawu atatsika, "Ndiye ndipempha chikhululuko kwa Allah. Ngati n'kofunika kusala kudya, ndisala."

"Pemphani ndithu, Iye ndi wachifundo. Koma kulakwa kwanga kunali pakati pa ine ndi Mulungu wanga. Kwanuku kuli ndi mwini wake. Mlimi uja dzina lake ndani?"

Nambala ya mlandu a Mkwepu anaitchula pamtima, koma dzina linawathawa. Anasanthula masamba awo onse asanu ndi awiri, munalibe. Analipeza m'nkhani ya loya yemwe uja, ndipo analiwerenga: Lifa Bwanali. Apa ine mkwiyo unandithera, ndinawamvera chisoni.

Shehe anati: "Dzina lanu lakhala m'nyuzipepala mlungu umodzi wokha, ndipo mwaonda nalo. Lifa anagona pasimenti miyezi khumi ndi inayi, mvula inagwa mpaka kutha munda wake uli tchire, ana ake akutchedwa ana a mbava. Khoti lalikulu lamutulutsa, koma silingamupepese m'malo mwanu, ndipo inenso sindingathe. Dzuwa likadalipo, bwana. Pitani kwawo, mukakhale pansi, iye akalankhule mpaka amalize. Dua ndidzakupangirani mukabwerako."