Dokowe ndi Liwu Lake la ku Spain

Kalekale, ku dambo la Chisenjere, kunali Dokowe amene chaka ndi chaka ankauluka kupita ku Spain. Ena pobwera ku ulendo amanyamulako mchere kapena nsalu, koma iye anabwera ndi liwu limodzi basi.

Mwambo wa padambopo unali wakuti kukagwa vuto, Nkhwali ankakwera pachulu n'kukuwa, "Kuno! Kuno!" Aliyense ankasiya chimene akuchita n'kuthamanga.

"Zachimidzi zimenezo," anatero Dokowe atasolola khosi. "Ku Spain sakuwa. Kumeneko amachita convocar."

"Chimenecho amadyera mchere kapena shuga?" anafunsa Fulu.

"Sichakudya, achimwene. Ndi kuitanitsa msonkhano mwaulemu wake. Umatchula tsiku, malo ndi mutu wa nkhani, kudakali masiku atatu."

Nyama zinavomera, poti liwu lachilendo limakoma m'khutu. Nkhwali analetsedwa kukuwa, ndipo zinamuwawa kwambiri. Dokowe ndiye anasangalala. Achule akasokosa, convocar. Udzu ukatalika, convocar. Msonkhano ukatalika, convocar wina wokambirana za kutalikako.

Tsiku lina m'mawa, Dokowe akuyenda monyang'wa m'mphepete mwa madzi, mwendo wake wautali uja unakodwa mumsampha. Anakoka, chingwe chinamanga. Anakokanso, chinamangitsitsa. Kutsidya kunamveka galu wa mwini msampha, ndipo Dokowe anagwidwa ndi mantha enieni.

Fulu anatulukira, Nkhwali ali pambuyo.

"Achimwene, itanani anthu!" anatero Dokowe.

"Chabwino," anatero Fulu. "Tsiku liti?"

"Lero! Pompano!"

"Lero ndi Lachiwiri, ndiye tinene Lachisanu. Malo?"

"Pano pomwe!"

"Mutu wa nkhani?"

"Mwendo wanga!"

"Wakumanja kapena wakumanzere? Anthu amafuna kudziwiratu."

Galu anauwanso, tsopano chapafupi. Dokowe anayesa kukuwa yekha, koma adokowe alibe mawu okuwira, mlomo unangoti go go go. Anatembenukira kwa Nkhwali misozi ili m'maso.

"Mayi, chonde, kwerani pachulu."

"Zachimidzi zija, bambo?"

"Zomwezo, mayi. Mukweze kwambiri."

Nkhwali sanadikire kupemphedwa kawiri. "Kuno! Kuno!" Dambo lonse linathamanga, wina chakudya chili kukamwa. Nkhanga zinaulukira pamphuno pa galu n'kumusocheretsa kuthengo, Mbewa n'kuwerama pachingwe n'kuyamba kuchitafuna. Mlenje pofika anapeza chingwe choduka ndi nthenga ziwiri.

Atafika pabwino, Dokowe anakonza khosi lake. "Ndikufuna kukuthokozani nonse pamodzi. Ndiye ndichita con..."

"Lachisanu?" anafunsa Fulu.

Dokowe anayang'ana mwendo wake wotupa. "Ayi. Zikomo, pompano."

Ndiye ana inu, mwambo wokongola wa kwa eni muziphunzira ndithu, koma musatseke pakamwa amene adzakukuwireni tsiku la msampha.