Sopo wa Ramla

Boma likakumbukira amayi akumudzi limabwera pa galimoto yoyera, litanyamula chinsalu cha zilembo zikuluzikulu ndi zakumwa zozizira. Ku Nselema lidabweranso choncho. Abwana adalankhula maola awiri za kutukula amayi, mpaka makanda kumbuyo adatopa kulira. Kenako mlangizi, mayi Hellen, adapatsidwa kanthawi kotsalako kuti aphunzitse gulu kupanga sopo ndi mafuta a mpendadzuwa ndi soda.

"Mukachotsa m'chikombole, muyanike pamthunzi masabata anayi," adatero mayi Hellen. "Soda ndi waukali, amafuna apse mtima kaye, kenako auphwetse yekha."

Ramla, mtsikana amene adangomaliza Folomu 4, adamva bwinobwino, koma masabata anayi adawaona ngati zaka. M'mutu mwake adali atatsegula kale shopu ku Liwonde, dzina lake pakhoma. Ndiponso mtima wake udali pa Haruna wa kabaza wa njinga yamoto, mnyamata amene ankati akamuona amaliza hutala kawiri, koma mawu osatuluka. Ramla adaganiza zomuthandiza kutsegula pakamwa.

Gulu litapanga sopo, tsiku lachitatu lake Ramla adatola sopo wake, wofewa ngati chigumu.

"Iwe Ramla, ukupita naye kuti?" adafunsa mayi Sabina, wapampando wa gulu.

"Kumsika, anti."

"Iyayi mwanawe, ameneyo ndi wamuwisi!"

"Sopo amapsa ngati mango kodi? Inu dikirani, ine ndikalemere."

Pofika masana adali atagulitsa theka la dengu. Chidutswa chimodzi adachisema ngati mtima, nachikulunga m'kapepala, napatsa Haruna. Mnyamatayo adamwetulira mpaka mano akumapeto.

Lachisanu Haruna adasamba ndi mtima uja kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kawiri, kuti akanunkhire kumzikiti. Shehe asanafike pakati pa ulaliki, moto udayamba m'khosi, nutsikira kumsana, nukafika kumalo kumene munthu sakanda pagulu. Haruna adapirira, adaluma mlomo, adasisita msana kukhoma ngati mbuzi. Potsiriza adadumpha mizere itatu ya akuluakulu, natuluka liwiro, nsapato n'kuziiwala pakhomo.

Loweruka amayi a kumsika adafika kwa Ramla, manja ali osupuka ngati mbatata yophika.

"Mwana iwe, watigulitsa sopo kapena chitedze?" adakalipa mayi Asiya ogulitsa mandasi. "Ufa ndikanda ndi zigongono?"

Ramla adathamangira pasiteji ya kabaza kukapepesa. Haruna adamuyang'ana, khosi lili mbuu ndi mankhwala akuchipatala.

"Achemwali," adatero, "ngati chikondi chanu chiyamba chonchi, banjalo ndidzatuluka wopanda khungu."

Adaliza njinga, osati hutala.

Masabata anayi atakwana, sopo wotsala m'dengu la Ramla adauma, nasanduka wabwino zedi, wathovu ngati wa m'sitolo. Koma ndani akadamukhudza? Msika wonse unkamutcha sopo wa chitedze, ndipo ngakhale amayi ake a Ramla ankachapira wa mayi Sabina, mobisa. Amayi a gulu adagulitsa wawo mpaka ku Ntaja, ndipo wowanyamulira katundu adali Haruna yemweyo, Zulfa mwana wa apampando atakhala kumbuyo, atagwira m'chiuno molimba ngakhale pamsewu wopanda mabampu.

Ramla adaima m'mbali mwa msewu, fumbi lili kumaso, dengu likadali ndi sopo wotsala uja. Akulu adanena: kuona maso a nkhono n'kudekha.