Dzina la Kuseri kwa Chithunzi

M'kashopu ka a Katswiri munkanunkha guluu ndi utuchi. Ntchito yawo inali yopanga mafulemu ndi kukonza zithunzi zakale, zija zodyedwa ndi njenjete m'mbali, zimene nkhope ya munthu imatsala ngati utsi. Dzina loti Katswiri anawapatsa ndi anzawo powaseka, chifukwa munthu usanamalize kulankhula iwo ankakhala atayankha kale kuti, "Zimenezo ndikuzidziwa." Eni ake sanamve kuti n'chipongwe. Analilandira ndi manja awiri, mpaka kulilemba pachikwangwani cha pakhomo.

Akazi awo atakhala ndi pakati, kuchipatala n'kunena kuti kukubwera mtsikana, a Katswiri anagwidwa ndi matenda a dzina. Mayiwo ankatchula mayina abwinobwino, koma bambo ankangokwinya nkhope ngati alawa ndimu.

"Limenelo ukaitana pasukulu atembenuka ana khumi," anatero. "Mwana wanga si wa m'chigulugulu. Ndikufuna dzina lakale, losowa, loti munthu akalimva aime kaye. Ndipo akhale awiri, loyamba ndi lapakati."

"Ndiye tifunse apongozi," anatero akazi awo. "Mayina akale amawadziwa ndi iwowo."

"Kufunsa ndiye kuulutsa. Mawa udzangomva kuti mwana wa aneba alitenga."

Amayi awo a Katswiri anali telala wopuma, wamaso otopa koma wa dzanja lowongoka. Mdzukulu aliyense ankamusokera kabulangete, ndipo pakona pake ankalembapo dzina la mwanayo ndi singano ndi ulusi wofiira. Ana atatu a mlongo wawo wamkulu wa a Katswiri onse anagona m'mayina awo. Ka mwana akubwerayu kanali katatha kale, kutangotsala kachigamba koyera pakona. Katatu konse gogoyo anafika pashopu kudzafunsa choti alembepo, ndipo katatu konse mwana wawo anawabweza akumwetulira: "Mudzamva tsiku lake, Amayi."

Dzinalo a Katswiri analipeza m'sutikesi ya malemu bambo awo. Ankafufuzamo zithunzi zoti akonze, ndipo pansi penipeni, kuseri kwa pepala lomatidwa, chala chawo chinagunda kanthu kolimba. Chinali chithunzi cha mayi wina wovala diresi la madontho, chibwano m'mwamba, dzanja ataliika pa makina osokera. Kumbuyo kwake kunali zilembo zopendeka mokongola: Emeresiana Pelajiya. M'munsi mwake munali chaka, ndipo chinali chaka chimene a Katswiri anabadwa.

Analitchula mokweza ali okha m'shopumo, kawiri, katatu, likutsetsereka palilime. Za chakacho anati ndi mwayi ukuwakodola.

Apa ndiye pamene pamapsetsa mtima. Munthu wa mutu wake akanadzifunsa kuti chithunzi chokongola chonchi chikubisala chiyani pansi pa pepala, pamene zinzake zonse zili poyera. Kwa amayi awo kunali koyenda wapansi. Mlongo wawo anali pafoni, kungodina kamodzi. Koma a Katswiri anangochiyang'ana n'kugamula okha kuti awa ndi azakhali ena a bambo, anthu aulemu wawo. Milungu iwiri anachikonza chithunzicho, kutseka mabowo a njenjete, kuwalitsa nkhope, mpaka makina aja anayamba kung'anima ngati ogula dzulo.

Mwana atabadwa, mayi ake asanathe n'kuyenda bwino komwe, a Katswiri anathamangira ku ofesi yolembetsa ana. Kalaliki anawerenga fomuyo, n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi a mwana mwagwirizana nawo?"

"Bambo wake ndine," anayankha. "Inu lembani."

Akazi awo analimva dzinalo pepala litadindidwa kale. Anati n'lalitali koma si loipa, kenako anafunsa, "Mwafunsa koma kuti mwini wake anali ndani?"

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero a Katswiri. "Ndi azakhali a bambo." Loweruka m'mawa anatumiza uthenga pafoni kwa abale onse, apafupi ndi akutali, chithunzi cha khandalo pamwamba, mayina awiri aja m'munsi. Amayi awo ndi mlongo wawo okha ndi amene sanawatumizire, ati awaone nkhope zawo pamene akudabwa.

Masana a tsikulo gogo anafika ndi mwana wawo wamkazi, kabulangete kali m'chikwama, singano ndi ulusi wofiira zili m'kabotolo. Anamunyamula mdzukulu wawo, kumununkhiza pamutu, kumuwerenga tizala, akuseka ngati mtsikana.

"Tiuzeni tsopano, a Katswiri," anatero. "Singano yanga yatopa n'kudikira."

Pakhoma la pabalaza panali patakutidwa nsalu. A Katswiri anatsokomola pang'ono, n'kuikoka. Panaoneka mafulemu awiri ofanana: m'limodzi munali chikalata cha mwana, m'linalo mayi wa diresi la madontho. Kenako anatchula mayina awiri aja pang'onopang'ono, monyadira.

Palibe anawomba m'manja. Mlongo wawo anagwira pakamwa. Gogo anavala magalasi, n'kuyandikira pakhoma khanda lili m'manja, ndipo anayang'ana nthawi yaitali, osati nkhope ya mayiyo ayi, koma pamene panali dzanja lake.

"Makina amenewo ndi anga," anatero chapansipansi. "Kansalu kali pa chopukusirapo ndinakulunga ndine, kuti dzanja lisamachite matuza."

Anatembenuka, n'kupereka mwana kwa mayi ake mosamala. "Mwanawe, ulibe mlandu," anatero kwa khandalo. Anatenga chikwama chawo n'kutuluka, osamenyetsa chitseko, osatsanzika.

Mlongo uja ndiye sanasunge ulemu.

"Iwe, mutu wako umagwira? Ukumudziwa mkazi wamupachika apayu?"

"Si azakhali a bambo, achemwali?"

"Azakhali! Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinaona ndi maso angawa. Amayi ali ndi pakati pa iweyo, bambo anabwera ndi galimoto, mkazi ameneyu atakhala kutsogolo. Ananyamula zovala zawo, n'kunyamulanso makina a amayi kukamupatsa iyeyu. Amayi anagwira mwendo wa makinawo, bambo n'kuwamasula zala chimodzichimodzi. Zaka zisanu amayi ankasoka pamanja, mayunifolomu a ana a eni, mpaka zala kuchita zikang'a. Iwe wakula ndi singano imeneyo! Bambo anabwerera atadwala, amayi anawalandira, n'kunena kuti dzina limeneli lisadzamvekenso m'nyumba mwawo. Zaka makumi atatu ndi zisanu silinamveke. Lero walipukuta fumbi, waliika m'fulemu, walimveka mdzukulu wawo!"

A Katswiri anayesa kudziteteza. "Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Palibe anandiuza."

"Unafunsa ndani?"

A Katswiri anayang'ana kwa akazi awo ngati kungachokere chifundo, koma kumeneko ndiye kunali moto.

"Ndinakuuzani kangati kuti tifunse?" anatero mayiwo, misozi ya mkwiyo ili m'maso. "Miyezi isanu ndi inayi ine ndanyamula mwana, inu mwanyamula chithunzi. Munandiuza kuti ndi azakhali, nkhope ili gwa, chonsecho mukungolota. Tsopano mwana wanga akamaitanidwa, agogo ake azimva mpeni? Chotsani zimenezo pakhoma langa!"

Lolemba a Katswiri anali oyamba pamzere ku ofesi kuja. Kalaliki yemwe uja anawamvetsera mpaka kumaliza, zimene a Katswiri sanachitirepo munthu.

"Kusintha n'kotheka," anatero, "koma si kwa lero kapena mawa. Mubwere ndi mayi a mwana, mulumbire, mudikire miyezi. Ndipo lakalelo silifufutika m'kaundula, timangolemba latsopano pambali pake. Paja ndinakufunsani, bambo."

Pepala likanatha kudikira, koma pakamwa pa anthu sipadikira. Achinyamata pachibale anali atalizolowera kale dzinalo, akulifupikitsa mwachikondi. Akuluakulu amene ankaikumbukira nkhaniyo ankaimba foni kufunsa ngati a Katswiri akudwala mutu, kapena ngati amayi awo anawalakwira chiyani kuti awabwezere chotere. Ndipo mbiri ilibe malire. Patapita milungu iwiri pashopu panafika kaphukusi. Munali kachipewa ka khanda ndi kakalata ka zilembo zopendeka zomwe zija, zonjenjemera ndi ukalamba. Mayi wa pachithunzi uja anali moyo. Ankathokoza kuti banja lamukumbukira.

A Katswiri anakhala pampando wa m'shopu kakalatako kali m'manja, manyazi akuwatentha mpaka m'makutu. Iwo amene ankaopa kuti aneba awabera dzina, anali atatenga mwana wawo woyamba n'kumupereka ngati mphatso kwa munthu amene analiza amayi awo.

Tsiku lomwelo anapita kwa amayi awo. Anawapeza pakhonde akusokerera batani pa malaya a munthu wina. Anagwada pansi, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake.

"Amayi, ndalakwa. Dzina tisintha. Ndinkafuna kuti mudabwe, musangalale."

Gogo anadula ulusi ndi mano, osafulumira.

"Kudabwa ndiye ndinadabwadi," anatero. "Ine ndinabwera katatu kwa iwe kudzafunsa, ndi miyendo yangayi. Iwe sunabwere ngakhale kamodzi. Ukanangondionetsa chithunzicho n'kunena kuti, 'Amayi, awa ndani?' ndikanalira tsiku limodzi, ife awiri, nkhani n'kuthera pakhonde pano. Pano alira nane abale onse, wina uko akuseka."

"Tikasintha mudzalemba latsopanolo?"

"Mdzukulu wanga uzibwera naye, ndi magazi anga. Koma pakona paja ndikapayang'ana ndikuona dzina lija, ngakhale sindinalilembe. Zala izi mkazi ameneyo anazigwiritsa ntchito mokwanira."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabulangete kaja. Pa kachigamba koyera anali atabayapo singano, ulusi wofiira uli kale m'diso lake.

"Tenga. Paja iwe zonse umazidziwa. Ukalembe wekha."

A Katswiri sanayankhe kuti akuzidziwa. Ananyamula kabulangeteko n'kubwerera kwawo wapansi, njira yomwe ija imene inawakanika kuyenda pamene inali yaifupi.

Dzina linasinthidwadi patapita miyezi, ndipo latsopanolo anasankha ndi mayi a mwana, atafunsa kaye apongozi awo. Koma m'kaundula lakale lija likadalipo, ndipo pakati pa abale alipo amene lilime limawaterereka mpaka lero. Likawaterereka gogo ali pomwepo, amangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Mtsikanayo amagona m'kabulangete ka agogo ake monga anzake onse, kungoti pakona pake m'poyera. Alendo akafunsa chifukwa chake, a Katswiri amayang'ana pansi, ndipo amene amayankha ndi akazi awo, mosabisa mawu.

Dzina lija linkang'anima ngati uchi, bambo n'kulimeza osafunsa kwa amene njuchi zake zinawaluma. Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.