Mankhwala Amene Eni Mbumba Anakana

Kalekale, chaka chimene madzi anakokolola mlatho wopita kuchipatala, kunali mayi wina dzina lake Nasibeko. Malungo anali atam'landa kale ana awiri, n'kum'siyira kamtsikana kamodzi, Mwaiwawo.

M'mudzimo munabwera anthu atatu ofufuza za matenda, amene ankayesa mankhwala atsopano a malungo. Ankapatsa ana okhawo amene abale awo avomereza. Nasibeko anafunitsitsa kuti mwana wake alandire nawo, koma alongo ake a Chikakuda, eni mbumba, anakana kwamtuwagalu.

"Anthu otenga magazi a ana m'timabotolo? Anamapopa amenewo! Mwana wa mlongo wanga asam'khudze."

Sipanapite nthawi, Mwaiwawo anatentha thupi n'kuyamba kukomoka, mtsinje uli thothotho. Nasibeko anam'bereka n'kuthamangira kumsasa wa ofufuza aja. Anagwada pamatope.

"Ndakupembani, bambo! Manda awiri andikwana."

Wofufuza woyamba, a Mlauzi, anapukusa mutu misozi ikulengeza. "Mayi, mankhwalawa n'ngoyesa chabe, ndipo eni mbumba anakana. Akafera m'manja mwathu, ana ena onse ataya thandizo." Komabe sanam'pirikitse. Anam'pukuta mwanayo ndi nsalu yonyowa, kum'mwetsa madzi, n'kutuluka kukafuna anthu oti am'wolotse pamtsinje. Palibe analimba mtima.

Wachiwiri, mayi Chagunda, anadikira kuti a Mlauzi achokepo. Anatsegula bokosi la mankhwala aja, n'kum'mwetsa mwanayo. "Lamulo ndathyola ndine, achemwali. Inu musauze munthu." Mwana anatuluka thukuta, ndipo mawa lake anapempha phala.

Wachitatu, a Gomile, atamva sanagone nayo nkhaniyo. "Tinalonjeza anthuwa kuti sitidzachita kanthu mobisa," anatero. Anapita okha kwa a Chikakuda n'kuulula zonse, kenako anadziwitsa akuluakulu awo a kutauni.

Eee, chinabuka chipwirikiti! A Chikakuda sanafunse n'komwe kuti mwana ali bwanji. Anangomva zoti am'mwetsa zinthu kuseri. Anamemeza mudzi, miyala inagwa pamsasa, ndipo akuluakulu aja anaimitsa kafukufuku yense. Ofufuza anachoka madzi atangophwa, bokosi lawo pamutu.

Mwezi usanathe, malungo anagwira Lonjezo, mwana wa Nankhoma, mnzake wa Nasibeko woyandikana naye nyumba. Lonjezo anali mmodzi mwa ana ovomerezedwa aja, koma pomwe panali msasa panali patamera udzu. Anamwalira ali kumsana kwa mayi ake, panjira ya kuchipatala.

Pamaliro, Nasibeko anakhala kumapeto kwa siwa, Mwaiwawo ali pamiyendo pake, wonenepa, akusewera ndi mpango. Chisoni ndi manyazi zinam'gwira. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tsikulo analephera ngakhale kukweza maso. Nankhoma anam'yang'anitsitsa mwanayo, n'kunena motsitsa mawu:

"Wakula bwino. Wamwa mankhwala a mwana wanga."

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, weruzani, poti ine yandikanika. A Mlauzi anasunga lamulo mwana akufa. Mayi Chagunda anapulumutsa mwana mwakuba. A Gomile ananena zoona, mudzi n'kutsala wopanda mankhwala. Nanga Nankhoma akafunsa amene anam'phera Lonjezo, mum'lozera ndani?