Nasibeko Anatsala mu Dikoda Yakale

Kalekale, koma osati kale la mikango yoyankhula ayi, ndikunena kale lomweli madishi atayamba kumera pamadenga ngati bowa, ku Balaka kunali mkulu wina dzina lake a Maliwichi. Anagwira ntchito kunjanji mpaka kupuma. Akazi awo, Nasibeko, anali mayi wa Mvano woyambitsa nyimbo, wa mawu oti ukawamva thupi limachita tsembwe.

Chaka china kwaya yawo inaoneka pa kanema, ndipo dikoda ya pakhomopo, ija yotha kujambula, inasunga nyimbo yonse. Sipanapite nthawi, Nasibeko anadwala n'kutisiya. Kuyambira pamenepo, a Maliwichi akamwa tiyi mmawa ankadina mabatani awiri okha omwe ankawadziwa pa rimoti, akazi awo n'kutulukira, duku loyera mbee, n'kuyambitsa nyimbo. Za mawaya sankazidziwa, ndipo sankafuna n'kuzidziwa komwe. Iwo ankangoti, "Mayi anu ali mu dikodamu."

Anali ndi ana atatu, onse akuluakulu a pabanja. Ganizani ankagwira ntchito ku Joni. Ndaziona anali mphunzitsi ku Lilongwe. Sautso anali kalipentala ku Balaka komweko.

Tsono dikoda ija inakalamba. Inkatentha, inkalira ngati njuchi, nthawi zina chithunzi chinkaima Nasibeko atayasama pakati pa nyimbo. Anawo anagwirizana zoti bambo awo awagulire yamakono.

Ganizani ndiye anaitumiza pa basi. "Adadi, iyi ndi ina," anatero pafoni. "Imajambula zambirimbiri nthawi imodzi. Mpira mutha kuuimitsa, n'kupita kukamwa madzi."

"Mpira ndiutani ine? Ndikufunsa mayi ako, alimo?"

Netiweki inadula asanayankhidwe.

Ndaziona ndiye anayankha atabwera pa holide, ndi mawu ake a m'kalasi aja osalola funso. "Ababa, musavutike. Zinthuzi zili ngati foni. Mukasintha foni, manambala samatsala. Ndiimbira kukampani atseke yakaleyi, atsegule yatsopanoyi, zonse zisamuka zokha." Kodi iye anazimva kuti? Palibe! Anangoganiza. Anaimba, yakale ija n'kutsekedwa.

Sautso ndiye analumikiza mawaya. Ndipo mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno: chatsopano chikalowa m'nyumba, chakale sichigona, chimapita kumudzi. Mipando inapita choncho, wailesi inapita choncho. Tsiku lomwelo Sautso anamangirira dikoda yakale pa kabaza, ulendo kwa amalume ake ku Utale.

Mmawa mwake a Maliwichi anamwa tiyi, n'kudina mabatani awo. Panatuluka azungu akuphika. Anadinanso, panatuluka njovu zikusamba. Anatembenuza rimoti, anaimenya pachikhatho, panatuluka zolemba za Chingerezi zokhazokha.

"Ndaziona! Mayi ako ali kuti?"

"Dikirani, Ababa, mwina akadasamuka."

"Akuyenda wapansi kodi?"

Ndaziona anadina, Sautso anadina, thukuta kamukamu. Mosungira zojambula munali mbee, mopanda kanthu. Ataimbanso kukampani, mtsikana wa kumeneko anayankha mwaulemu ndithu: zojambula sizisamuka, zimakhala mu dikoda momwe zinajambulidwamo, ndipo dikoda yotsekedwa sionetsa kanthu.

A Maliwichi mutu unaima. Akuti alimo, koma saoneka. Akuti sanafufutidwe, koma palibe. Anayang'ana ana awo. "Mukundiuza kuti ndaferedwa kachiwiri?"

Chakudya anachikana. Ndipo mwezi umenewo n'kuti akukonzekera kukavundukula chiliza cha Nasibeko, pomwe kubanja kwawo nsalu yophimba chilizacho imachotsedwa ndi dzanja limodzi, la munthu amene banja lamulemekeza. Mkuluyo analumbira, Ganizani akumva pafoni: "Amene andibwezere mayi anu, ndiye akachotse nsaluyo."

Sautso anakwera njinga yake osasamba n'komwe. Atafika ku Utale, amalume ake anati, "Aa, chija? Ine magetsi ndiwatenga kuti? Ndinapatsa mkamwini." Mkamwini anati iye dishi alibe, ndiye anakachisiya kwa wokonza mawailesi pamsika wa Phalula kuti azichotsamo zipangizo. Sautso anapalasa dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'mano. Anaipeza dikodayo ili gada pa benchi, chivundikiro chili apo, mkulu wokonzayo atagwira kale sikuludiraiva. "Bwana, imani!" Mkuluyo anakana kuipereka chabe. Sautso anamusiyira njinga, n'kubwerera wapansi, dikoda ataikulunga m'jekete ngati khanda.

Ndaziona anabwerera ku Lilongwe, kuofesi ya kampani ija. Anamuuza kuti zamtundu wakalewu anasiya kuzitsegula. Anachoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo, masiku akupita, holide n'kutha, kusukulu akumufunafuna. Pomaliza anamanga chitenje, n'kulowa kwa bwana wamkulu. Mayi uja amene ana a sukulu amathawa akangomva nsapato zake anagwada pansi, anthu akuona. "Bwana, ndinatseketsa ndine. Muli mayi anga mmenemo." Bwanayo anakanda m'mutu, n'kulola kuti aitsegule masana amodzi okha.

Ganizani, kutaliko, abwana ake anamukaniza tchuthi. Masana amenewo atakwana, anazemba pantchito, n'kukabisala m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa makatoni. Anaimba foni ya vidiyo. Ndaziona, amene anali atabwereranso ku Balaka, anaimika foniyo pa kabati kumbuyo kwa onse, kuti achimwene ake aonereko, basi n'kuiiwala.

Sautso analumikiza mawaya. Dikoda inalira, inathwanima, inakhala ngati yakana. Kenako a Maliwichi anadina mabatani awo awiri aja.

Nasibeko uyo! Duku loyera, dzanja m'mwamba, nyimbo n'kuyamba.

Abale inu, m'nyumbamo munalibe wouma m'maso. Mkuluyo anagwira pakamwa. Ndaziona ankasisima, Sautso anagwetsa nkhope. Mwa anthu atatu onsewa, aliyense ndi nzeru zake, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zojambula. Nyimbo itangotha kunamveka kuti phu! Kautsi kanatuluka, fungo la waya wopserera n'kudzaza m'nyumba. Dikoda inafa, kufa kwenikweni.

"Basi," anatero a Maliwichi chapansipansi. "Apita."

Pamenepo mawu anamveka kuchokera pa kabati. "Adadi, musalire. Ine kuno ndajambula."

Mungaganize kuti nkhani inathera pomwepo mwachimwemwe. Ayi ndithu! Misozi isanaume, mkangano unabuka.

"Ndikanachedwa pang'ono, bwenzi dikodayo ili zidutswazidutswa," anatero Sautso. "Mapazi angawa aoneni."

"Anaipereka ndani kumudzi?" Ndaziona anamubweza. "Iwe unabwera ndi chitsulo chosayankhula. Anachiyankhulitsa ndine, ndi mawondo angawa."

"Achemwali, anatseketsa ndani? Si inu munati zili ngati foni?"

"Nonse awiri munangoonera n'kulira," anatero Ganizani. "Chatsala lero ndi chomwe chili m'manja mwangamu."

"Achimwene, inu khalani chete," awiriwo anayankhira pamodzi. "Mukanapanda kutumiza chidikoda chanucho, bwenzi zonsezi kulibe. Ndiponso inu mwangodina ndi chala, mutakhala pansi!"

"Yakaleyo inali kufa kale! Mwaiona nokha!"

A Maliwichi anangoti kukamwa yasa, kuyang'ana uyu, kuyang'ana uyo, kuyang'ana foni. Aliyense akayankhula ankaoneka wolondola, mnzake akayankha ankaonekanso wolakwa. Anapempha kuti aone kaye chomwe Ganizani anajambulacho.

Chitafika pafoni ya Ndaziona, a Maliwichi anavala magalasi n'kuyandikitsa kumaso. Nasibeko analimo, inde, koma kutali, wamng'ono ngati nyemba. Chachikulu pachithunzipo chinali dazi la iwo eni, ndi mapewa a Sautso akugwedezeka. Ndime yoyamba inkamveka bwino. Ndime yachiwiri inkamveka pamodzi ndi kusisima kwa Ndaziona, ndiponso mawu ena okalamba, osasa, akutsatira nyimboyo m'munsi. Anamvetsera kanthawi asanazindikire kuti mawuwo ndi awo. Sankadziwa n'komwe kuti amaimba nawo.

Anaonera, n'kubwereza, n'kubwerezanso. Sanathe kunena ngati chimene wabwezeredwacho n'chochepa kuposa chomwe anataya, kapena n'choposa. Mtima unkawawa, komanso unkathokoza, zonse nthawi imodzi.

Tsiku la chiliza linafika. Ganizani anatsika basi usiku wapitawo, fumbi la ulendo likadali m'tsitsi. Abusa anapemphera, amayi a Mvano anaimba, anthu anazungulira manda. Nsalu yoyera inali pachiliza, mphepo ikuigwedeza m'mphepete. Ana atatu aja anaima pamzere, aliyense manja kumbuyo. Abusa anatembenukira kwa mkuluyo. "A Maliwichi, tiuzeni, abwere ndani?"

A Maliwichi anayang'ana Sautso, n'kuyang'ana Ndaziona, n'kuyang'ana Ganizani.

Tsono inu mwakhala phee apa, musandiyang'ane ine, nanenso mutu waima. Ndipo musandiuze zoti agwire onse atatu, kubanja kumeneko dzanja ndi limodzi. Onse anawataya mayi awo, onse anawabweza. Akachotse nsaluyo ndani: Sautso amene anapulumutsa dikoda ndi mapazi ake, Ndaziona amene anaitsegulitsa ndi mawondo ake, kapena Ganizani amene anasunga nyimboyo ndi chala chimodzi?