Mitu Itatu ya pa Sapitwa

Kale, mitambo isanazolowere kugona pa phiri la Mulanje, mwana aliyense wa ku Likhubula ankadziwa lamulo ili: ukapeza chakudya m'phiri, idya wekha mwakachetechete, osaitana munthu.

Makwinja ankalidziwa. Koma tsiku lomwe anapeza nthochi zakupsa zitayalidwa pathanthwe, mlongo wake wamng'ono, Naliyela, anali atatola nkhuni chichokereni m'mawa osalawa kanthu.

"Naliyela, thamanga tidye!"

Nkhungu inatsika nthawi yomweyo. Itayera, pathanthwepo panatsala nkhwangwa ya Makwinja yokha.

"Chamutenga chimphona cha pa Sapitwa," anatero amalume awo, Naliyela atakafotokoza kumudzi. "Kumeneko sikupitidwa. Iwe woonda ngati kabango, khala pansi tilire maliro."

Naliyela sanalire. Mchimwene wake anatayika chifukwa cha njala ya iyeyo, ndipo zimenezi zinkamutentha mumtima. Kutacha, analawira kuphiri osatsanzika.

Pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe mathithi amagwera m'madzi ozizira, nkhanu inamutsekera njira.

"Ndimatsika phiri tsiku lililonse, koma sindinalikwerepo. Ndine yani?" inafunsa nkhanuyo.

"Si omwe akukunyowetsaniwa? Madzi."

Nkhanu inaseka, n'kumulavulira pamphumi. Naliyela anasanduka nkhanu. Anakwawa m'ming'alu ya thanthwe la Chambe, nadutsa pansi pa mikungudza yonunkhira, mpaka pansonga ya Sapitwa, pomwe thupi lake linabwerera.

Chimphonacho chinali chitakhala pakhomo la phanga, mitu itatu pakhosi limodzi. Pambali pake panaima Makwinja, atasanduka mwala kuyambira kumapazi mpaka m'chifuwa.

"Thawa, mlongo wanga," ananong'ona.

"Ndiwo zadzibweretsa zokha!" unabangula mutu wapakati.

Naliyela sanathawe. Anagwada, nawomba m'manja mwaulemu.

"Ndidyeni, agogo. Komatu kwathu wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, ana pambuyo. Madzi ndiyambire kwa yani?"

"Kwa ine!" unatero mutu wapakati.

"Iwe wamera dzulodzuloli!" unakuwa wakumanja.

"Nonsenu ndinakuonani mukutuphuka ngati zithupsa!" unatero wakumanzere.

Wapakati unaluma khutu la mnzake. Wachitatu unalowerera ndi mano onse. Manja osadziwa womumvera anayamba kukanyanga khosi lawo lomwe. Chimphona chinadzandira, chinaponda m'mphepete, chinagwera kuphompho, ndipo phiri lonse linanjenjemera.

Mwala unang'ambika. Makwinja anagwa m'manja mwa mlongo wake, akupuma. Koma phazi lake lamanzere linatsala mwala.

Anatsika masiku atatu, mchimwene atatsamira paphewa la Naliyela. Kumudzi nthungululu zinamveka mpaka kutsidya, amayi akuyala zitenje m'njira kuti mtsikanayo apondepo.

"Ayambe achimwene," iye anatero. "Atopa."

Makwinja anayenda patsogolo akumwetulira. Ng'oma zinalira, anthu anaimba dzina la Naliyela. Koma mtsikanayo ankangomva phazi lija likugunda pansi: gu, gu, gu.