Chiwongolero Chili Kumanja

Zinatheka bwanji kuti ine, amene ndinaloweza malamulo onse a pamsewu a dziko lina limene tinakacheza, ndipulumutsidwe ndi mkazi wanga Nagama, yemwe sadziwa n'kuliza galimoto komwe? Ndilongosole.

Kumeneko magalimoto amayenda mbali ya kumanja, choncho woyendetsa amakhala kumanzere. Yathu ya ku Malawi imene tinapita nayo chiwongolero chake chili kumanja. Tsiku lachiwiri la ulendo wathu wokaona malo, wapolisi anatiimitsa ine ndikuyendetsa kwinaku ndikuwerenga pafoni lamulo loletsa kugwira foni poyendetsa. Chilango chake ndinkachidziwa bwino: kulandidwa laisensi.

Nagama anatsomphola foniyo n'kuiika kukhutu. Wapolisi analunjika pawindo lake la kumanzere.

"Mayi, laisensi."

"Ndilibe, bwana."

"Mlandu wachiwiri umenewo," anatero mokondwa, n'kukodola mkulu wake kuti adzachitire umboni. Analemba tsamba lonse, Nagama akumuthandiza kalembedwe ka dzina lake.

Atamaliza, Nagama anafunsa mwaulemu, "Nanga bwana, ndimayendetsa ndi chiyani?"

Wapolisi anasuzumira. Kutsogolo kwa Nagama kunali phava la nthochi basi. Mkulu uja anaseka mpaka kutsamira galimoto, n'kutiuza kuti tizipita.

Yankho lake ndi ili: ine ndinaphunzira malamulo, Nagama anaphunzira wapolisi.